Denga Kaye, Matayala Pomaliza

Chipinda chathu ndi chachitatu pa mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo chachinayi ndi cha a Depoti. Khoma lotilekanitsa silifika kudenga, choncho akayetsemula iwo, amadzidzimuka ndi mwana wanga. Dzina lawo lenileni lili pa khadi la kuchipatala basi. Anatsuka mabasi kudepoti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndiye dzina la malo antchito linawakakamira ngati girisi.

Ndi mayi wamfupi, wa mikono ngati ya wonyamula matumba a simenti. Phewa lawo lamanja ndi lokwera kuposa lamanzere chifukwa cha burashi yaitali yofikira padenga la basi. Akakhala pakhonde, basi yafumbi n'kudutsa mumsewu, amaitsonya mpaka itakhota.

"Amene watsuka imeneyo, ngakhale kuseri kwa makutu ake sakudziwako," amatero.

Ine ndisabise, ndine wamantha. Chibadwire mwanayu ndimaopa udzudzu, ndimaopa mphepo yolowera pansi pa chitseko, ndimaopa akagona kwambiri, ndimaopanso akapanda kugona. Sukulu ndinalekezera Folomu 3, titangophunzira kumene za tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo sindinafike pa mutu wonena mmene munthu angakhalire nato mwamtendere. A Depoti nawonso ndinkawaopa. Mawu awo ndi a munthu amene wakhala moyo wonse akulankhula injini zikulira.

Mpopi wa pabwalo unauma mwana ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Tsiku loyamba unatsokomola, lachiwiri unalavula dothi, lachitatu unangoti zii. Galimoto ya madzi inayamba kubwera kawiri pa sabata, khomo lililonse zigubu ziwiri. Tikachotsapo akumwa, ophikira ndi ochapira matewera, osamba ankatsala jagi imodzi patsiku, ya anthu atatu. Ndiye amuna anga ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo. Amabwera madzulo ali bii, maso okha mbee.

Jagi yonseyo ndinkaithera pa mwana. Ndinkamukhazika m'beseni, kumupaka sopo mpaka thovu kumutu ngati chipewa, kenako n'kuthira madzi. Madzi ankatha sopo asanachoke. Sabata isanathe, m'makwinya a pakhosi pake munafiira psuu, ndipo ankalira ndikangomukhudzapo.

Lachitatu apongozi anaimba foni. Amuna anga anaiika pa sipika osandichenjeza.

"Ndamva kuti kwanuko anthu akusamba malovu," anatero apongozi. "Mwanayo si wa mkazi wakoyo yekha, ndi mdzukulu wanga. Kuno chitsime chili pakhomo. Loweruka ndikubwera. Ndikamupeza ndi litsiro ngakhale kuseri kwa khutu, ndibwerera naye. Anayamba kale kudya, bere si chifukwa."

Foni itadulidwa amuna anga anaseka. "Amayi amangolankhula."

Apongozi anga samangolankhula. Ananenapo kamodzi kuti makatani athu ndi onyansa, ndipo pano ali kwawo, akutchinga mphepo pakhola la nkhuku.

M'mawa mwake ndinali pakhonde, ine ndikulira, mwana akulira, beseni lili pakati pathu. Chitseko chachinayi chinatseguka.

"Ndinamva zonse dzulo. Khoma lijatu ndi ulemu chabe," anatero a Depoti. "Tabwera naye kuno Kaminibasiyo."

"Mayi, madzi ake ndi omwewa. Jagi imodzi."

"Jagi yathunthu? Mtsikana iwe, ine ndinkatsuka basi ya mipando sikisite-faifi ndi ndowa imodzi, n'kutsalako ochapira nsanza. Iwe kagalimoto kopanda ndi mpando womwe ukufunira mtsinje?"

Anandituma kukatenga thawulo lakale koma loyera. Ndisanafunse n'komwe, analing'amba patatu, phwee, phwee. Chidutswa choyamba anachisiya choncho, chachiwiri anachimanga mfundo imodzi pakona, chachitatu mfundo ziwiri.

"Yopanda mfundo ndi ya denga ndi magalasi, kutanthauza mutu ndi nkhope. Ya mfundo imodzi ndi ya bodi. Ya mfundo ziwiri ndi ya matayala ndi kunsi kumene kumatulukira utsi. Ukazisokoneza, usandipatsenso moni."

Anatunga kapu imodzi yokha m'jagi muja, n'kumugoneka mwana pamiyendo pawo. Ine ndinaima chapafupi, manja ali m'mwamba, kuti akagwa ndimuwakhe.

"Nsanza simalowa m'kapu, madzi ndi amene amapita kunsanza," anatero akudontheza pang'ono. "Denga kaye, matayala pomaliza. Litsiro limadziwa njira imodzi yokha, yotsika. Nanga sopo uja umamupakira chiyani chonchija? Wagwa mu dizilo mwanayu? Sopo amamwa madzi kuposa ng'ombe. Umangomupatsa moni ndi nsanza, basi."

Anafika pakhosi paja, n'kutukula kachibwano ndi chala chimodzi.

"Mayi, ndi matenda eti? Ndipite naye kuchipatala?"

"Ili ndi dzimbiri. Basi siiwola ndi matope, imawola ndi sopo ndi madzi otsalira m'makona. Uzitsuka, uziumitsa, uzimusiya apitidwe mphepo. Likakula kapena akatentha thupi, thamanga naye kwa anamwino, ine si makaniko. Koma ili likuoneka la pamwamba."

Anapukuta mofatsa moti mwana analeka kulira n'kuyamba kuwagwira mphuno. Manja aja, okhakhala ngati msasa wopalira matabwa, ankayenda ngati akupukuta dzira. Uku akupukuta, uku akundiuza za moyo wawo, ndisanawafunse.

Anayamba ntchito ali ndi zaka naintini. Mpopi wa kudepoti unali kumpanda, kutali ndi poima mabasi, ndipo kapitawo sankalola kutunga kawiri pa basi imodzi. Anzawo amene ankangokhuthula madzi ankamaliza theka la basi, inayo n'kunyamuka mbali imodzi yoyera, ina yakuda. Iwo anaphunzira kuti dontho lililonse ligwire ntchito katatu lisanafike pansi. Anakwatiwa ndi dalaivala wa pomwepo.

"Tsiku lina ndikusesa basi yake ndinapeza ndolo pansi pa mpando wa dalaivala. Ndinasunga. Sabata yotsatira ndinapezanso inzake. Ndinamupatsa zonse ziwiri pamodzi ndi chikwama chake cha zovala, ndikuti, kaperekeni kwa eni ake, musavutike kubwerera."

Ana sanakhale nawo. Amati ana awo anali mabasi makumi anayi, ndipo iliyonse ankaidziwa ndi fungo. Kenako kampani inagula chimakina cha maburashi ozungulira, n'kuwauza otsuka onse kuti akapume.

"Pano chimakinacho changoti njo, akangaude akumangamo nyumba. Chimamwa madzi a mdadada uno a mwezi wathunthu pa basi imodzi!" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamutukula mwana m'mwamba. "Ndatha. Kwezani anthu."

M'kapu munatsala madzi okwana masupuni awiri. Anawathira pa duwa lawo la m'chitini.

Kuyambira tsiku limenelo jagi inagawidwa: kapu ya mwana, kapu yanga, kapu ndi theka ya amuna anga, amene a Depoti ankawatcha lole ya makala, ndi theka lotsala la ngozi zapamsewu. Aliyense nsanza zake zitatu. Ine ndinaphunzira msanga chifukwa mantha amandichititsa kumvetsera. Amuna anga samvetsera, amangogwedeza mutu.

Lachisanu madzulo analowa kubafa ndi kapu ndi theka yawo, akuimba mluzu. Bafa lathu ndi la mdadada wonse, lili pakona pa bwalo, ndipo anthu anali pamakonde awo akuphika. Mluzu uja unaleka mwadzidzidzi.

"Make mwana!" anakuwa. "Ya mfundo ziwiri ija ndi ya kumaso eti?"

Ndisanayankhe, a Depoti anaimirira ndi chipande m'manja. "Achimwene, mwayamba nayo kuti?"

Anthu a pamakonde anatchera khutu.

"Ndikufunsatu. Mwayamba nayo kuti?"

"Kumatayala," anayankha motsitsa mawu. "Ndi kwinaku."

"Ndiye pano ili kuti?"

Mayi wa chipinda choyamba anagwetsa mphika ndi kuseka. Amuna anga anatuluka mapazi ali mbee ngati a mkwati, nkhope ili ndi mizere yakuda ngati mbidzi. Mpaka lero mdadada wonse umawaitana kuti a Rivesi, ndipo anazolowera, amayankha.

Ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga kunathera pakhosi pa mwana. Kufiira kunali kutachepa, koma kusanathe.

Loweruka ndinamusambitsa ndekha. A Depoti anakana kundithandiza, anangokhala pampando wawo manja atapinda ngati kapitawo. Denga, magalasi, kuseri kwa makutu kawiri, bodi, m'khwapa, pakati pa zala, kunsi. Ndinaumitsa makona onse n'kumuveka kamalaya koyera mbee. Ndinamukhazika pamkeka, n'kulowa m'nyumba kukatenga chipeso. Sindinathe ndi mphindi yomwe.

Nditatuluka, pamkeka panalibe munthu. Anali atakwawira kuthumba la makala la chipinda chachisanu, dzanja limodzi m'thumba, lina pamutu, akusekerera ndi mano ake awiri. Nthawi yomweyo foni inalira. Anali amuna anga, amene anapita kukachingamira apongozi.

"Tatsika basi, tikulowa mumsewu wathu."

Ndinayang'ana a Depoti.

"Usandiyang'ane ine," anatero. "Theka la ngozi unalisungira chiyani? Basi ikadetsedwa pasiteji saibwezera kudepoti."

Sindidziwa mmene manja anga anayendera. Ndinamuvula, ndinadontheza, denga, magalasi, bodi, matayala. Ndinkadzimva ndikutchula mokweza ngati kondakitala woitanira anthu. Kamalaya kena koyera kanali pachingwe. Ndikumanga batani lomaliza, apongozi anatulukira pageti.

Anali atayenda maola asanu pamsewu wafumbi, atakhala pawindo losatsekeka. Duku lawo, nsidze, ngakhale m'makwinya a m'maso munali fumbi lofiirira. Ndinagwada kuwalonjera, koma iwo maso anali pa mdzukulu. Sanakhale ndi pansi pomwe. Anapinda khutu lamanja, anapinda lamanzere. Anatambasula zala za kuphazi chimodzichimodzi. Anamununkhiza pamutu ngati akugula chinanazi. Kenako anatukula kachibwano.

"Nanga ichi n'chiyani?"

Usiku wonse ndinali nditakonza mawu aulemu oti ndiyankhe. Onse anathawa.

"Ndi dzimbiri, amayi," ndinatero. "Koma ndi la pamwamba, likutha. Tikumaumitsa m'makona. Injini ili bwinobwino, akudya, sakutentha."

Apongozi anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana wawo. "Mkazi wakoyu dzuwa lamulowa m'mutu?"

Anamunyamula mwana n'kumukumbatira pachifuwa, ndipo ndinaona maso awo akupita kuchitseko, kumene kunali chikwama cha matewera. Mwana anayamba kuvuta, iwo n'kumutembenuza. Pamsana pa kamalaya koyera paja panali zala zisanu zofiirira, zooneka bwino ngati chidindo. Patsaya pake fumbi. Pamimba fumbi.

A Depoti anatsonya, kutsonya kuja amasungira mabasi.

"Pepani mayi, takulandirani," anatero. "Koma amene wadetsa minibasi yathu ndani? Yatsukidwa kawiri lero lomwe."

Apongozi anayang'ana kamalaya, n'kuyang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo. Anandibwezera mwana pang'onopang'ono, atamugwira ndi nsonga za zala.

"Tandipatsaniko madzi ndiyambe ndasamba," anatero. "Zinazo tikambirana."

Ndinalowa m'nyumba, ndinang'amba thawulo lathu lomaliza, ndinamanga mfundo. Ndinatuluka ndi nsanza zitatu ndi kapu imodzi, ya a Rivesi ya madzulo. Ndinapereka ndi manja awiri nditagwada.

"Akumwa ndamwa kale panjira," anatero apongozi.

"Ndi osamba, amayi."

Anaisuzumira kapuyo ngati muli chule. A Depoti anali atanyamula kale mpando wawo n'kukauika pakhomo pa bafa.

"Tiyeni anzanga, musaope. Ine ndatsukapo mabasi akale kuposa inu, ena ochita kukankha. Yopanda mfundo ndi ya denga. Mukasokonezeka, mufunse musanapukute, osati ngati mwana wanuyu."

Mdadada wonse unasiya zochita. Tinkangomva mawu a a Depoti, "Denga kaye! Musathire, donthezani!" ndi a apongozi kuchokera mkati, "Kumsana ndifikako bwanji ndi kansanza aka?" A Depoti anayankha kuti mipando yakumbuyo imavuta pa basi iliyonse, agwire nsanza mbali zonse ziwiri azikoka ngati akucheka thabwa.

Anatuluka patapita nthawi ndithu, nkhope ili ngwee, kapu ataigwira patsogolo ngati mphoto. Anaipendeketsa kuti aliyense aone.

"Ndatsazako," anatero. "Taonani. Ndipo ine n'koyamba."

"Supuni imodzi," anatero a Depoti atasuzumira. "Mpongozi wanuyu amatsaza ziwiri, mwana atayera."

Apongozi anaika kapu ija pawindo. Anakhala pamkeka, n'kumutenganso mdzukulu, n'kutukulanso kachibwano kaja. Anapempha nsanza youma, anapukutapo okha pang'onopang'ono, n'kupemererapo ndi pakamwa.

"M'makona muno muziumitsa," anandiuza, ngati nzeruyo abwera nayo m'chikwama.

"Chabwino, amayi."

Anagona masiku awiri. Lolemba m'mawa ndinabisa chikwama cha matewera pansi pa bedi, mwana ndinamubereka kumsana, nsalu ndinamanga mfundo ziwiri. Koma apongozi anangomugwira kaphazi, n'kunyamula katundu wawo, n'kupita kukatsanzika kuchipinda chachinayi, kumene anakhalitsa kuposa kwathu.

Atapita ndinayang'ana pachingwe. Nsanza zawo zitatu panalibe. Ndinayang'ana pawindo, kapu ija panalibenso. Ndinamumasula mwana kumsana n'kumuwerenga zala, ngakhale ndinkadziwa kuti zonse zilipo.

"Atenga kapu yathu," ndinawauza a Depoti kudzera pamwamba pa khoma.

"Asiye," anayankha. "Wamva kuti galimoto ya madzi sibwera mawa? Bwera ndi Kaminibasiyo, ndikuphunzitse za theka la kapu."