Buku lomwe munalisuta, asibweni

Lero pa Jenda, ndikudikira minibasi ya ku Boma, ndaona buku lija pa mulu wa mabuku akale omwe mayi wina amagulitsa. Chikuto chake n'chomwe chija: bambo wachipewa chachikulu ali pa hatchi, kumbuyo kwake kuli chipululu. Asibweni, mlongo wa amayi anga, ndi lija munkang'amba masamba ake n'kumapichirira chingambwe. Inu munkang'amba kuyambira kumapeto, ine ndikuwerenga kuchokera koyambirira. Tinakumana pakati, pomwe bambo wa pa hatchi uja anali atasochera, madzi atamuthera. Nditaona kuti masamba otsatira mwasuta kale, ndinalira. Inu munangotulutsa utsi n'kunena kuti, "Ukulira vichi iwe? Anthu oterewa amabwerera kwawo. Anafika bwinobwino, mbwenu mkazi wake anamuphera nkhuku."

Chaka chotsatira munapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo munabwerako muli m'bokosi. Bukulo ndagula, ndipo mapeto ake ndawerengera m'minibasi momwemo. Sanafike, asibweni. Anzake anamukwirira m'chipululu momwemo, n'kuunjika miyala pamwamba kuti zilombo zisamufukule. Kaya munandinamiza dala kuti ndisiye kulira, kaya nanunso simunaliwerenge n'komwe, sindidziwa, ndipo womufunsa palibe. Bola inu munafika kwanu, tinakuikani pafupi ndi amayi anu. Nkhuku nayo tinapha ndithu tsiku limenelo.