Mulu wa Miyala Uja Unatilakwira Chiyani?

Loweruka lapitali ife a gulu la mapemphero tinakwera phiri lina kuseri kwa tauni ya Tallaght, kudziko la eni kuno, kukapemphera. Pamwamba pake, popanda nyumba kapena mtengo, koma nkhosa ndi mphepo yolasa m'mafupa, tinapeza mulu wa miyala wofika m'chiuno, wa ndere zokhazokha.

A Mbewe, mtsogoleri wathu, sanachedwe. "Abale, ili ndi guwa la ziwanda! N'chifukwa chake mapepala athu okhalira m'dziko muno sakutuluka. Gwetsani!"

Anavula magolovesi n'kuyamba kugubuduzira miyala kumunsi. Amayi awiri anawathandiza, uku akufuula, "Moto! Moto!"

"Kodi akulu, mwadziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Mlongo, zauzimu sizilira sukulu. Inu gwirani mwala."

Ndinakana. Apa n'kuti mayi wina wa konkuno akudutsa ndi galu wake, ndiye ndinamufunsa za muluwo. Anati ngakhale ophunzira amatsutsana: ena amati ndi manda akalekale, ena malire, ena kuti alimi ankangounjika miyala yochotsa m'munda. "Sitikudziwa," anatero, "n'chifukwa chake sitiigwira." Kenako anayang'ana miyala yomwazika ija, n'kutiyang'ananso ife. Manyazi ake!

Abale anga, matenda amenewa tinawatenga kuti? Chilichonse chomwe sitikuchimvetsa, basi chiwanda. Eni dziko chawalaka kwa mibadwo, ife tangofika ndi jekete yobwereka, mphindi faifi zokha vumbulutso latsika kale. Chalaka bakha nkhuku ingatole?

Inetu ndimakhulupirira kuti mdani alipo, ndipo maondo angawa ndi mboni. Koma Malemba timawerenga omwewa? Aisraele atawoloka Yordano anaimika miyala kuti ana adzafunse tanthauzo lake. Kudzafunsa, osati kudzagwetsa. Mkamwini ndi mpongozi wake anaunjika mulu ngati mboni yoti mkangano watha. Mwana wa mfumu uja anapandukira bambo ake, naye anamukwirira ndi mulu wa miyala, bambowo akumulira. Nanga wapaphiri uja ndi uti? Ine sindikudziwa, ndipo kunena choncho si tchimo. Tchimo ndi kumuika Mzimu mawu m'kamwa.

Ndinagwada n'kuyamba kubweza miyala ija umodziumodzi, zala zitauma ndi chisanu. Sindikudziwa ngati ndinaiika m'malo mwake. Lolemba ndinapeza a Mbewe andichotsa pagulu lathu la pafoni, ati ndili ndi mzimu wotsutsa.

Zandiwawa, sindinama, chifukwa kuno gulu limenelo ndiye abale anga. Koma mverani. Bambo anga anamwalira ine ndili kuno, wopanda pepala loyendera. Pamanda pawo ku Ntcheu palibe chiliza, palibe dzina. Achimwene anangounjikapo miyala kuti ndikadzabwera ndidzapazindikire.

A Mbewe, mlendo wachangu ngati inu akadzandifikira pamenepo ine ndisanafike, bambo anga ndidzawalirira pati?