Malata Amene Anathamangitsa Tulo ta a Sitima

A Laston Sitima a ku Chiringa anakalambira pa ntchito yolondera chigayo cha pamsika. Anzawo akamalawirira kumunda, iwo ankabwerera kunyumba, kusamba madzi a mumtsuko, n'kuyala mphasa. Nyumba yawo inali yaudzu, yozira ndi dothi lakuda, yozizira ngati phanga la m'phiri la Michesi. Akangogoneka mutu, mkonono unkamveka mpaka kumjigo.

Chaka china mwana wawo Davison, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumiza malata. Udzu anasasula, akalipentala anakhoma, mudzi wonse n'kubwera kudzayamikira. Mkuluyo ankachita kuimirira panja kumaliyang'ana denga likunyezimira.

Chilimwe chitafika, tulo tinathawa. Dzuwa likakwera denga linkathetheka, mutu n'kumawotcha. Ankagubuduka pamphasa mpaka madzulo, n'kupita kuntchito maso ali psuu. M'mawa wina mwini chigayo anawapeza akusinza atatsamira chitseko.

"Madala, ndikadzakupezaninso chonchi, ndilemba mlonda wina."

A Sitima anatsimikiza mumtima kuti wina wansanje ndi malata aja wawalodza. Anayamba kusiya kupereka moni kwa anansi. Koma akazi awo, a Belita, anawakokera kuchipatala.

Namwino atamva zonse anawagwira kunkhongo. "Agogo, chakuno kumunsi kwa ubongo n'kumene kumayendetsa kugona ndi kudzuka. Munthu akamagona, ubongo umazizirako pang'ono. Ndiye pamalo potentha tulo timavuta. Masana mumagona kuti?"

"M'nyumba ya malata," anayankha mokweza, kuti a pamzere amveko.

A Belita anaphulika nako kuseka. "Mfiti yanu ija ndi imeneyotu, bambo a Davison!"

Pobwerera a Belita atanena zoti masana azikagona m'chisakasa chaudzu, mkuluyo anakanitsitsa. "Mwana wandifolerera nyumba, ine ndizikagona m'chisakasa? Anthu adzati chiyani? Nanga iyeyo akamva?"

"Anthuwo akakulondererani chigayo?" anafunsa a Belita.

Sanadikire yankho. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kunali kachisakasa kaudzu kosungiramo nandolo. Anasuntha matumba, anasesa, anawaza madzi pansi, n'kuyala mphasa yakale ija. M'mawa mwake a Sitima atabwera kuntchito anasuzumira uku ndi uku, n'kulowamo mozemba ngati wakuba nkhuku. A Belita anawafunditsa chitenje chonyowa kumutu. Tsiku limenelo anadzutsidwa ndi mbuzi zobwerera m'khola.

Ntchito anaigwira mpaka pamene maondo anakana okha. Nyumba ya malata ankalandiriramo alendo ndi kudyeramo Lamulungu, koma tulo tawo tinakhazikika kwa nandolo.

Davison akaimba foni sankalephera kufunsa: "Nanga malata aja, bambo?"

A Sitima ankayang'ana akazi awo kaye, kenaka n'kuyankha mwaulemu: "Sakudontha, mwanangu. Ngakhale dontho limodzi."