Chidendene cha a Nicolau

A Nicolau ndi alamu anga, anakwatira mlongo wanga Quitéria. Kwa zaka zoposa makumi awiri ntchito yawo inali yonyamula katundu pa njinga pano pa Kalomwe, kutsitsa matumba a mbatatesi ndi nyemba kuchoka kuminda ya kumtunda kufika kumalire, komwe amalonda a ku Dedza amadikira. Ine ndine Inosenti, wa chiwaya chija chili pafupi ndi osintha ndalama.

Njinga yawo inalibe mabuleki. Anatha kalekale, ndipo alamu sanaone chifukwa chogulira ena. Potsetsereka ankangotambasula mwendo wamanja n'kukanikiza chidendene pa tayala lakutsogolo, patapata n'kumanunkha mphira. Anzawo nawonso amatero, koma pakatentha amachotsa phazi. Iwo ayi. Ankafika pachiwaya ali thukuta kamukamu, n'kumadzitama kuti phazi lawo linakhwima, silimvanso moto. Ife kuseka mpaka kugwira nthiti, kuwatcha Achitsulo. Utsiru wathu! Munthu ankatiuza matenda ake dzuwa likuswa mtengo, ife n'kumamuwombera m'manja.

Ndipo wowadyetsa ndinali ine. M'mawa ankamwa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi, masana ankabwera kwa ine. Pansi pa chiwaya pamatsala tizidutswa ta chipisi topserera ndi timafuta ta nkhumba touma kuti gwa, zimene ogula safuna. Ndinkawakokolera papepala ulere, n'kuwonjezapo refuresiko, chakumwa chotsekemera cha m'botolo, choti atsitsire. Mumtima ndinkati ndikusamala mwamuna wa mlongo wanga.

Tsiku lina patapata linabooka ali pakati pa chitsetse, iwo osadziwa. Anatsika phiri lonse khungu lili pa tayala. Ndine ndinaona madontho a magazi akuwatsata kuchokera pomwe anaimika njinga. Anakweza phazi, kuyang'ana chidendene ngati n'cha munthu wina, kenako n'kundifunsa ngati zopserera zatsalako.

Balalo linakana kupola. Patatha miyezi iwiri likungotuluka madzi, Quitéria anawakokera pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita kuchipatala ku Ulongwe, ine n'kuwaperekeza. Enifirimera, ndiye kuti namwino, mayi wachikulire wosaseka, anawabaya chala n'kuyeza magazi, ndipo anapukusa mutu. Anawauza kuti atsinzine, n'kumawagunda zala za kumapazi ndi kaulusi kolimba. Alamu anangokhala chete kudikira kuti ayambe, chikhalirecho mayiyo anali atamaliza mapazi onse awiri.

Anatifotokozera pang'onopang'ono. Anati shuga akachuluka m'magazi sangokhala phee, amasweka n'kusiya tinthu taukali tomwe timamatirira m'mitsempha ngati mmene shuga amakakamirira pansi pa poto akapserera. Timayamba kuwononga kumapeto, kumapazi ndi m'maso, n'chifukwa chake phazi limasiya kumva ndipo bala silipola. Anatinso zokazinga ndi zowotcha mpaka kuda zimabwera nato tinthuto kale, zikungowonjezera pa tomwe thupi lalephera kuchotsa. Kenako anafunsa chomwe bamboyu amadya masana. Ine ndinayang'ana pansi, manyazi atandigwira ngati wakuba.

Zochita anatiuza: kumwa mapiritsi tsiku lililonse, kusiya refuresiko ndi tiyi wa shuga, kudya zowiritsa osati zokazinga, masamba ndi nyemba zambiri, nyama kuithira mandimu isanapite pamoto, komanso kuyang'ana mapazi m'mawa uliwonse. Quitéria anafunsa ngati phazi lidzayambanso kumva.

“Chomwe chatsala tingachiteteze, mayi,” anatero enifirimera. “Chomwe chinafa sichibwerera. Ndipo phazi ili lisaponde pansi mpaka litapola.”

Anthu ena amati alamu anga anali osamva. Bodza limenelo, ndipo amene ndidzamumve akunena ndidzamuthira mafuta otentha. Anayesetsa. Tiyi ankamwa wowawa, nkhope itakwinyika. Quitéria ankawamangira mbatatesi yowiritsa ndi nkhwani m'kabakuli, iwo n'kumadyera kuseri kwa malole, kutali ndi fungo la chiwaya changa. Kamodzi kokha anabwera n'kutambasula dzanja, ine n'kuwakaniza. Anandinena kuti ndine mlamu wouma mtima, koma sanabwerenso.

Chomwe sanathe n'kukhala pansi. Inali nyengo yokumba mbatatesi, nthawi yokhayo imene wanjinga amapeza chodyetsa banja chaka chonse. Anakhala masabata awiri pakhonde akuona anzawo akudutsa ndi matumba, sabata lachitatu anakulunga chidendene m'chitenje chakale n'kukwera njinga. Anati aziimitsa ndi phazi lamanzere. Koma mwendo wozolowera zaka makumi awiri suuzidwa. Chitsetse chikangoyamba, wamanja unkapita wokha ku tayala.

Mvula isanagwe chidendene chinada, fungo n'kufika pabwalo. Ku Ulongwe anawatumiza ku Tete, ndipo kumeneko anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Pochoka anawachenjeza kuti asamale wotsalawo, chifukwa nawonso unasiya kale kumva. Quitéria sanalire pamaso pawo, anakalirira kuseri kwa chipatala.

Ali ku Tete ndinatenga njinga ija n'kukaiikitsa mabuleki atsopano, kutsogolo ndi kumbuyo. Musandifunse kuti ndinkaganiza chiyani. Ndinangofuna kuchitapo kanthu, ngakhale kachabechabe.

Tsiku lobwera, shapa inawatsitsa pamsewu waukulu masana. Kwawo n'kutsidya kwa dambo, njira yake yotsetsereka, choncho ndinawakweza pakaliyala ya njinga yawo yomwe, Quitéria n'kumabwera pambuyo ndi ndodo zawo. Anali opepuka kuposa thumba limodzi la nyemba. Mabuleki atsopano aja anangowayang'ana.

Titayamba kutsetsereka njinga inagwedezeka. Nditacheuka ndinaona kachitsa ka mwendo kokulungidwa m'mabandeji katatambasukira kutsogolo, kakufunafuna tayala. Anandigwira malaya kumsana mwamphamvu.

“Alamu, taimani kaye,” anatero motsitsa mawu. “Chidendene chikutentha.”

Ndinagwira mabuleki n'kuima. Tinakhala pamenepo pakati pa njira, iwo akupapasa m'mwamba pomwe panali phazi, ine ndikusowa poti ndiwagwire.