Azakhali anga ali ndi kampani, koma sakuidziwa

Lachiwiri lapitali ndinali pa Migowi, ndikudikira kuti andimatire tayala la njinga, pamene wina anandikoka malaya kumbuyo. Kutembenuka, ndi azakhali anga a Esinati, mlongo wawo wa malemu bambo anga, amene amakhala ku Nkhulambe. Anabwera kudzagulitsa chinangwa. Moni wawo unali wachidule, ndipo ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino, chifukwa azakhali akayamba moni amafunsa mpaka za nkhuku.

"Iwe umamva Chizungu, tandiwerengere ichi," anatero akutulutsa kajumbo m'chitenje.

M'kajumbomo munali mapepala awiri. Loyamba linali katikiti ka msonkho wa pamsika kamene anadula m'mawa womwewo. Lachiwiri linali kalata yochokera ku ofesi yotolera misonkho. Kalatayo imati mwini bizinesi yokonza masamba a pa intaneti, Mayi Esinati, sanaperekeko lipoti la ndalama zimene bizinesiyo yakhala ikupeza. Imati akaonekere ku ofesi ku Blantyre pofika Lolemba, apo ayi chilango chiwonjezereka.

Ndinawerenga kawiri. Masamba a pa intaneti! Azakhali anga masamba amene amawadziwa ndi a chinangwa ndi a maungu. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo akafuna kuimba amapempha wina awapezere nambala.

"Azakhali, munalembetsapo bizinesi inu?"

"Bizinesi yanga ndi iyi ukuionayi," anatero akuloza dengu. "Koma anthu kumudzi ayamba kale kulankhula. Kalatayi inabwera pa bokosi la mpingo, alembi anandipatsa titangotuluka m'tchalitchi, aliyense akuona chidindo cha boma. Pano akuti ndimabisa ndalama m'nyumba."

Titafufuzana bwino, nkhani inatulukira. Mwana wawo Limbani, msuweni wanga, amakhala ku Joni. Sagwira ntchito pakampani iliyonse, amachita maganyu a pa kompyuta: kujambula zikwangwani, kukonzera masitolo masamba a pa intaneti, ndi zina zotero. Ena mwa omupatsa ganyu ndi amalonda a kuno kwathu, ndipo iwo salipira munthu wopanda nambala ya wokhoma msonkho. Khirisimasi ina atabwera kumudzi, anawabweretsera amayi ake bulangete ndi ketulo, kenako anati, "Amayi, tandibwerekani chiphaso chanu cha unzika, ndikukonzereni zinthu." Anawadinditsa chala pa mapepala angapo. Iwo ankayesa ndi za malo awo olima.

Kuyambira pamenepo ndalama zimalowa pa dzina la Esinati wa ku Nkhulambe, zimadyedwa ku Joni.

Ndinamuimbira pomwepo, ndili chiimire pambali pa dengu la amayi ake. Anayankha mosangalala, kumbuyo kukumveka nyimbo.

"Aise msuweni, zazing'ono zimenezo," anatero. "Amangoopseza anthu amenewo. Auzeni amayi asapiteko, ziphwa zokha."

"Iwe Limbani, kodi msonkho umakhoma kuti? Kumeneko?"

"Kuno ndikhomerenji, makasitomala anga ali ku Malawi?"

"Ndiye umakhoma ku Malawi?"

"Ku Malawi ndikhomerenji, ine sindikhala kumeneko? Ntchito yanga ili pa intaneti, msuweni. Intaneti ilibe dziko."

Ndinadula foni ndisanalankhule mawu oti azakhali asamve. Ndinapsa mtima, ndipo pamene ndikulemba pano sunaphwe.

Intaneti ilibe dziko? Nanga iwe umagona pa intaneti? Ukadwala umapita kuchipatala cha pa intaneti? Msewu umene unadutsa pobwera ndi bulangete lija unamangidwa ndi makobili a yani? Munthu wamkulu ndi ndevu zako, wophunzira mpaka ku koleji ndi ndalama za nandolo, ukuganiza kuti wapeza mpata pakati pa mayiko awiri woti ubisalemo. Mpatawo kulibe. Unangokumba dzenje, n'kuikamo amayi ako.

Ndipo Limbani sali yekha, n'chifukwa chake ndikulemba. Ana athu ambiri masiku ano ali kunja, ena akulemba mabuku a ndalama a makampani, ena akumasulira zikalata, ena akuphunzitsa ana pa foni. Ntchito yabwino, ndipo ndimawanyadira. Koma afunseni za msonkho, mumve mmene amasekera. Kwa iwo kuzemba msonkho ndi umboni woti ndi ochangamuka. Amene amakhoma ndi mbuli.

Mbuliyo ndi ndani? Ndi mayi amene wadzuka ku Nkhulambe, wakwera kabaza ndi dengu la chinangwa, ndipo asanagulitse ngakhale mulu umodzi wodula matikiti wafika kale. Sanganene kuti ntchito yanga ilibe dziko. Dengu likuoneka, mwini wake akuoneka. Amakhoma chifukwa alibe pobisala, ndipo katikiti amakasunga ngati chikalata cha ukwati.

Ine si katswiri wa misonkho, musandiimbire kudzafunsa mawerengero. Koma zochepa zimene ndikudziwa aliyense angazimve. Boma la dziko limene ukukhala limafuna kudziwa zimene ukupeza. Boma la dziko limene ndalamazo zikuchokera nalonso lingakhale ndi gawo lake. Mayiko ena anagwirizana kuti munthu asakhome kawiri pa ndalama imodzi, ndiye ngati mantha ako ndi amenewo, pita ukafunse. Pali anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Umatha kulipira lendi m'tauni ya eni, umatha kugula kompyuta ya mtengo wa ng'ombe, ukulephera kulipira munthu woti akuuze kuti fomu yake ndi iti?

Mudzandiuza kuti misonkho imabedwa, kuti misewu yathu mvula ikagwa imasanduka madimba, kuti kuchipatala amakulembera mankhwala oti ukagule wekha. Zoona, ndipo ndalembapo zimenezi kangapo pa tsamba lino. Koma ngati ukukana msonkho chifukwa cha mkwiyo, kana ndi dzina lako. Imirira, unene kuti ine Limbani sindikhoma, andigwire. Kumenya nkhondo utabisala kumbuyo kwa chala cha mayi wosadziwa kuwerenga si kulimba mtima ayi. Ndi mantha, komanso ndi kuba.

Ifenso kumudzi tili ndi mlandu. Tinazolowera kubwerekana chiphaso ngati tikubwerekana khasu. Wina akufuna kulembetsa nambala ya foni, tenga chiphaso cha agogo. Wina akufuna ngongole ya kubanki ya m'mudzi, lemba dzina la mlamu. Mwana akachokera kunja ndi chikwama cha matayala, palibe amene amafunsa kuti pepala ili likuti chiyani. Kufunsa kumaoneka ngati kumunyoza, ngati kusathokoza bulangete. Koma khasu likathyoka umagula lina. Dzina likalowa m'makompyuta a boma, kulitulutsamo ndi ulendo wa ku Blantyre, mwina maulendo atatu.

A ku ofesi ya misonkho, nanunso musaseke. Munalembetsa bwanji kampani ya makompyuta pa chidindo cha chala, osadabwa? Ndipo kalata yopita ku Nkhulambe mumailemba m'Chizungu cha maloya, kuti aiwerenge ndani? Ndikanapanda kuphulitsa tayala tsiku limenelo, azakhali akanaisunga m'kajumbo mpaka tsiku litadutsa.

Koma chimene chandipweteka koposa si Limbani, si ofesi. Ndi zimene azakhali ananena nditamaliza kuwafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa, atukwana, anena kuti mwana ameneyu asadzapondenso pakhomo pawo. Anangoyamba kusendeza chinangwa m'dengu.

Kenako anati, "Ndiye ndikakafika kumeneko ndikanene kuti kampaniyo ndi yangadi. Iwe undiphunzitse mayankhidwe ake."

"Azakhali, mukanene bodza ku boma?"

"Nanga ndikatchule mwana wanga? Akamulemba m'mabuku awo, adzamugwira pachipata akamadzabwera. Ine ndakalamba kale, andichita chiyani?"

Ndinawauza kuti palibe amene wanena zomanga munthu, kuti choyamba n'kukafotokoza zoona kuti dzina lawo lichotsedwe. Sanandimve. Lachinayi ndinamva kuti agulitsa matumba awo awiri a nandolo. Matumba amenewo ankawasunga kuti mtengo ukakwera agule feteleza. Awagulitsa kwa mavenda pamtengo wongotaya, kuti apeze thiransipoti ndi kangachepe kokapepesera ku ofesi. Chaka chino chimanga chawo chimera chopanda feteleza, pamene mwini kampani akuika zithunzi pa foni ali m'mphepete mwa nyanja ya eni, atavala magalasi akuda.

Ndamutumizira mauthenga atatu. Awiri anawawerenga osayankha. Wachitatuwo anayankha kuti, "Ndiona month end." Chizungu chimenechonso ndi cha ndalama za nandolo.

Inu amene muli kunja mukuwerenga izi pa foni, musanatseke tsambali tayang'anani pepala limene mumatumiza pofuna malipiro. Dzina lili pamwambapo ndi la yani? Mwini dzinalo akudziwa? Kalata ikabwera, adzaima pamzere ndi ndani?

Ndipo iwe Limbani, ndikudziwa umawerenga zolemba zanga, unkandiseka kuti ndimalemba ngati m'busa. Tamvera tsono. Lolemba m'mawa ine ndi amayi ako tikwera minibasi pa Migowi. Andipempha kawiri kuti ndisakatchule dzina lako, ndipo kawiri konse sindinawalonjeze kanthu. Uli ndi masiku oti uimbe ku ofesiko wekha, unene kuti bizinesiyo ndi yako, utumize ndi mtengo wa matumba awiri aja.

Ukapanda kutero, tikakhala pamaso pa kalaliki, iye n'kuyang'ana zala za amayi ako zong'ambika ndi khasu, n'kufunsa kuti mwini kampani ya makompyutayi ndani, ukufuna ine ndikayankhe kuti chiyani?