Etedal Anakweza Mtsinje Padenga

Tsiku limene Etedal anakhuthula beseni lonse la terimisi m'ngalande ya kuseri kwa bala ya a Labib, ngakhale amphaka sanayandikire. Ananunkhiza ali patali, n'kubwerera ku zinyalala zawo.

Masiku makumi anayi olira mwamuna wake, Hilmi, anali atangotha kumene. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri Hilmi ndi amene ankaphikira mabala a pakati pa Cairo terimisi, nyemba zachikasu zija zimene amakuikira m'kambale pambali pa botolo usanapemphe, n'kumazitafuna ukulavula makoko. Munthu womwa yekha amafuna choti zala zake zizigwiragwira. Mtima wa Hilmi utaima pa masitepe m'mawa wina, anasiya mapoto awiri aakulu, thumba limodzi la nyemba zouma, mpando umodzi, ndi mkazi wopanda mwana m'kachipinda ka padenga la nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu.

Etedal ankaganiza kuti ntchitoyo akuidziwa. Anaviika nyemba usiku umodzi, anaziwiritsa, anathira mchere. Atalawa imodzi inawawa ngati ndulu, koma mumtima anati: anthu akumwa mowa angadziwe chiyani? Anafinyiramo mandimu, n'kusenza beseni.

A Labib, mkulu amene anatsanula mowa m'balamo kuyambira ali ndi tsitsi, anatuluka ndi kambale kukhomo lakuseri, nkhope itakwinyika.

"Mwana wanga, anthu anga m'katimu anataya zambiri. Ena akazi, ena ntchito, ena mano. Koma lilime akadali nalo. Ukufuna kundiphera makasitomala asanu amene anditsalira?"

Etedal anakakhuthulira beseni lonse m'ngalande. Koma chimene chinkamudetsa nkhawa kwambiri si mawu a mkuluyo ayi. Pa tsiku la makumi anayi lija kunabwera mlamu wake Gaber kuchokera kumudzi kufupi ndi Sohag, ndipo analamula asanamalize n'komwe tiyi: mwezi wosala ukatha, chikondwerero cha Idi chikangopita, adzabwera kudzamutenga. Mkazi wa mkulu wake sangamaimirire pa makomo a zidakwa. Kumudzi kuli ana asanu ndi mmodzi ofunika kuchapiridwa, ndiponso mphasa ya kukhitchini ilibe mwini. Etedal anachoka kumudziko ali mtsikana, ndipo ankadziwa bwino mmene mkazi wamasiye wosabereka amakalambira m'nyumba ya eni: amadya pomaliza, amalankhula akafunsidwa.

Mapoto awiri aja ndi amene akanamusunga mu mzinda. Tsopano nawonso anali atamukana.

A Labib anamuyang'ana akutsuka beseni, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati nyembazo anapita nazo kumtsinje.

Kumtsinje? Etedal anaima. Mawu amenewo anali atamulanda tulo kwa zaka zambiri. Sabata iliyonse Hilmi ankatuluka ndi thumba paphewa n'kunena kuti wapita kumtsinje, ndipo ankabwera mochedwa, akununkha fodya ndi matope. Iye ankati thumbalo ndi chonamizira. Ankati kuli mkazi wina, wobereka. Anamuswerapo mbale ziwiri pa nkhani imeneyi, ndipo Hilmi, munthu wosakonda zolongosola, ankangotola zidutswa.

"Kafunse Shehata wa bwato," anatero a Labib, n'kutseka chitseko.

Etedal anamupeza Shehata m'mawa mwake atakhala pa benchi ya simenti, manja ali pa maondo. Bwato analibe. Gombe lonse limene ife tinakulira tikuponyapo miyala anali atangolitchinga kumene ndi mpanda wachitsulo, n'kuikamo nyali zokongola ndi chipata cholipiritsa. Masiku ano mwana wa Cairo amagula tikiti kuti akaone mtsinje wa Nailo, ndipo amauzidwa kuti chimenecho ndi chitukuko.

Mkuluyo anamufotokozera zonse. Terimisi akawira amamangidwa m'thumba, thumbalo n'kulimangirira pansi pa bwato masiku atatu kapena anayi, kuti madzi oyenda atsuke kuwawa konse. Hilmi ankabwera kudzalondera thumba lake kuti anthu asadule chingwe.

"Mkazi wina? Hilmi?" Shehata anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi inu, munthu uja anatitopetsa ndi dzina lanu. Etedal waphika izi, Etedal wandikalipira izi. Tinkachita kumupatsa ndudu kuti atseke pakamwa."

Etedal anakoka mpango wake kuphimba nkhope. Madzi akatayika saoleka, ndipo wakufa sumupepesa. Kenaka anafunsa chimene angachite, poti mtsinje autseka.

"Terimisi safuna nzeru," anatero Shehata. "Amafuna madzi atsopano basi. Kumene muwatenge, zimenezo n'zanu."

Patangopita masiku atatu mwezi wa Ramadani unaoneka, ndipo mabala onse anatseka monga achitira chaka chilichonse. Misewu ya kuseri kwa msika wa Tawfikiya, imene madzulo imamveka mabotolo ndi wailesi zakale kuseri kwa mawindo opakidwa penti, inangoti zii. Madoda omwa okha aja anabwerera ku zipinda zawo kukayang'anizana ndi makoma. Etedal anawerenga: anali ndi masiku makumi atatu ndi thumba limodzi.

Mpope wa padenga unauma kalekale. Chikepe cha m'nyumbamo, chimene kale chinkakweza maloya ndi akazi awo onunkhira, chinafera pakati pa nsanjika yachiwiri ndi yachitatu, ndipo nkhunda zinachisandutsa kwawo. Madzi anali pansi, pabwalo. Masitepe anali 164. Anawawerenga tsiku loyamba, ndipo sanafunenso kuwawerenga.

Gawo loyamba la nyemba ankalisinthira madzi kamodzi patsiku. Tsiku lachinayi linachita thovu, fungo lake n'kufika kwa aneba. Anataya.

Gawo lachiwiri ankalisinthira m'mawa ndi madzulo. Silinaole, koma patatha sabata linali likuwawabe chakumapeto kwa lilime. Anadzikakamiza kudya zodzaza dzanja kuti adzinamize, ndipo usiku umenewo anagona chizungulire chikumuzunguza, kukamwa kuli gwaa. Anatayanso.

Muganizire, inu amene mukuwerenga: mzimayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wosala kudya, dzuwa la mwezi wotentha lili pamutu, akukwera ndi ndowa ziwiri za madzi amene sangamweko ngakhale dontho. Dzuwa likamalowa, mabanja a padengapo ankayala mphasa n'kumatumizirana mbale, uyu msuzi, uyu kanyenya, uyu zotsekemera. Mbalezo zinkadutsa pakhomo pake ngati palibe khomo. Ankamutcha mayi wa kumabala. Hilmi ali moyo ntchito yomweyo inali ntchito. Atamwalira inasanduka tchimo. Mkazi wa telala wa padengapo anauza mwana wake mokweza, kuti zimveke, kuti asamasewere pafupi ndi mabeseniwo, angadetsedwe.

Tsiku lina masana miyendo inamukanira pa nsanjika yachisanu. Anakhala pansi pakati pa ndowa zake, moyang'anana ndi zitseko za maofesi amene eni ake anafa kapena anathawira kunja, mayina awo akadali pa zitsulo zochita dzimbiri. Analira mpaka mpango kunyowa. M'nkhani zina apa ndi pamene pamatulukira munthu wachifundo. Apa sanatulukire. Chimene chinamveka ndi mawu oitanira anthu ku swala ya masana, kuchokera ku mzikiti wa pakona.

Anamvetsera, ndipo maganizo anamufikira osawaitana. Mtsinje susintha madzi kamodzi kapena kawiri. Mtsinje supuma. Iye wotchi analibe, koma woitanira swala uja sanaphonyepo: kasanu patsiku, mbandakucha mpaka usiku.

Anatsanula gawo lomaliza la thumba. Likalephera limeneli, kunalibenso china koma sitima ya ku Sohag.

Kuyambira tsiku limenelo, mawu akangomveka pa mzikiti, Etedal ankakhuthula mabeseni, kutsika, kutunga, kukwera, kuthira, kenaka n'kuswali. Anzeru a chipembedzo akanatsutsana mpaka kucha ngati n'koyenera kuti kuitana kopatulika kuziyendetsa ndiwo za m'bala. Iye analibe nthawi ya mtsutsowo. Ankangoti Mulungu amene analenga nyemba yowawa ndi yemweyo analenga madzi.

Masana sakanatha kulawa chifukwa cha kusala. Choncho dzuwa likalowa, pamene mzinda wonse unkamasula kusala ndi chipatso chotsekemera cha tende, iye ankamasula ndi nyemba imodzi ya m'beseni. Tsiku loyamba, ndulu. Lachitatu, ndulu. Lachisanu, kuwawa kunabwerera m'mbuyo pang'ono, ngati mlendo amene wayamba kuyang'ana nsapato zake. Zikhatho zinang'ambika, phewa linatupa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzulo a tsiku lachisanu ndi chiwiri analuma nyemba, n'kudikira. Anadikirabe. Kuwawa sikunabwere. Panali kukoma kofatsa kokhakokha, konga kwa mtedza wauwisi, kumene ankakudziwa kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri osafunsa kumene kumachokera. Anaseka, n'kutembenuka kuti auze munthu. Panali mpando uja basi.

Anauza mpandowo.

Idi itapita, mabala anatsegula. Etedal anafika kukhomo lakuseri dzuwa likadali pa makoma, beseni pamutu, nyemba atazithira mchere ndi chitowe. A Labib sanalawe. Anatapa kambale n'kulowa nako, chitseko n'kuchisiya chotsegula pang'ono kuti iye aone.

Pansi pa wotchi yakufa panakhala a Wadie, mkulu amene anagwira ntchito yokonza zolakwika m'nyuzipepala mpaka maso anatha, ndipo chizolowezicho sichinawachoke. Ankadzudzula chilichonse: mowa watentha, tebulo lapendekeka, dziko lalakwika. Tebulo limenelo analikhala okha zaka makumi atatu. Anatola nyemba imodzi, kuifinya ndi zala, kutafuna. Anatola yachiwiri. Yachitatu anaiyang'anitsitsa pafupi ndi magalasi.

"Labib, paja unati Hilmi anamwalira?"

"Tinakamuika limodzi, bwana."

"Ndiye mmodzi wa inu akundinamiza. Bweretsa kambale kena."

A Labib anabwerera kukhomo akupukuta manja pa thaulo, ndipo sanamuyamikire, chifukwa si anthu oyamikira. Anangomuuza kuti Lachinayi abweretse mabeseni awiri, ndiponso kuti adutsire kwa mnzawo wa bala ya pafupi ndi sinema yotsekedwa ija, amene makasitomala ake akhala akudya nkhaka zokhazokha chimwalirireni Hilmi.

Gaber anafika m'mawa mwake, atakwera masitepe onse aja akutukwana. Anapeza katundu wosamanga, nyemba zatsopano zili m'madzi. Analankhula nthawi yaitali za ulemu wa banja, za dzina la malemu, za mmene mudzi wonse ukudikirira. Etedal anamuthirira tiyi, n'kumusiya amalize.

"Nanga anthu adzati chiyani?" anafunsa pomaliza.

Etedal anatambasula zikhatho zake zong'ambika patebulo.

"Alamu, anthu amenewo sanandinyamulireko ndowa ngakhale imodzi. Imwani tiyi. Mukafulumira, sitima ya masana muipeza."

Papita zaka khumi ndi zinayi. Amene tinachoka mu mzinda uno tili anyamata n'kubwerera ndi imvi timayenda m'misewu imeneyi ngati anthu ofunafuna manda a abale: apa panali bala ya oimba, lero amagulitsapo mafoni, apa pankakumana olemba, lero ndi nsapato zokhazokha. A Labib anapita, a Wadie anapita, wotchi ija akuti anaigula munthu wokonda zakale. Mabala atsala ndi owerengeka. Koma lowani mwa alionse mwa iwo, khalani pansi pa fani yolira, ndipo kambale kamene adzakuikireni kachokera padenga la Etedal. Ngolo zogulitsa terimisi pa milatho iwiri zimatenganso kwa iye. Anagula pampu yokweza madzi, imene aneba omwe aja amatungirapo tsopano, akumupatsa moni wa mano onse. Analemba ntchito amayi atatu, onse amasiye, onse amene kwinakwake kunali mphasa ya kukhitchini ikuwadikira.

Sindikunamizani kuti kusungulumwa kunatha. Amadyabe yekha. Mpando ukadali umodzi. Koma khomo limene amatseka usiku ndi lake, ndipo palibe amene amamuuza nthawi yodya. Madzi amasinthabe kasanu patsiku, mawu akamveka pa mzikiti, ngakhale pampu ikanatha kuthira tsiku lonse.

Mwina nanunso muli ndi thumba lanu lowawa, ndipo mtsinje umene ena ankatsukira lawo anautchinga inu musanafike. Mwina mwataya kale gawo loyamba ndi lachiwiri, ndipo mbale za anzanu zikudutsa pakhomo panu. Musathire mandimu kuti mubise kuwawa. Lilime la dziko silinamizika. Musakhalenso pa nsanjika yachisanu kudikira wachifundo, chifukwa mwina sabwera.

Tsikani, katungeni, kwerani. Mawa muchitenso chimodzimodzi. Kuwawa kumatha, koma kumatha ndowa imodzi imodzi.

Akakutsekerani mtsinje, musataye mtima. Khalani mtsinjewo inuyo.