Chimene Ankachita Atagona M'makina

Ntchito yanga ndi yopempha anthu kuti agone chagada m'makina ojambula ubongo, atseke maso, ndipo asaganize kanthu. Makinawo saona maganizo. Amangotsatira mmene magazi akuchulukira ndi kuchepera m'zigawo zosiyanasiyana za ubongo, ndipo zigawo ziwiri zikamakwera ndi kutsika nthawi imodzi timanena kuti n'zolumikizana. Mawu amenewa ndawanena kambirimbiri, kwa ophunzira ndi kwa odwala omwe, ndipo kale ndinkawanena mosadodoma.

Kafukufuku amene ndinkayembekezera kuti andipatsa digiri yanga yomaliza anali wokhudza anthu akuluakulu amene anadwalapo malungo a mu ubongo ali ana, n'kuchira. Ndinkafuna kudziwa ngati matendawa amasiya chipsera m'kulumikizana kwa ubongo ngakhale patapita zaka zambiri. Anthu otere ndinakawafuna kwathu ku Mwanza, m'dera la Nthache, poti kumeneko sindikanavutika kufotokoza kuti ndine mwana wa yani. Anthu owayerekeza nawo, amene sanadwalepo matendawa, ndinawapeza mu Blantyre momwemo, pafupi ndi chipatala chimene munali makinawo. Kumeneku kunali kudula njira, ndipo ndinkadziwa.

Amene anandisonkhanitsira anthu kumudzi ndi amalume anga, alongo awo a mayi anga. Iwo ndi wootcha makala, ndipo njinga yawo imadziwa tinjira tonse tolowera ku Zobue, kutsidya kwa malire a dziko. Gulu lililonse ankaliperekeza okha pa minibasi, n'kukhala pa benchi panja pa chipinda cha makina, chipewa chili pabondo, mpaka womaliza atatuluka.

Zotsatira zinatuluka zokongola kwambiri. Mwa munthu aliyense wa ku Mwanza, zigawo za ubongo zomvera mawu ndi zigawo zoyendetsa milomo ndi lilime zinkakwera ndi kutsika pamodzi mwamphamvu, pamene mwa anthu a mu Blantyre munalibe zotere. Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufukuyo anakondwa, ndipo lipoti lathu tinalitumiza ku magazini ya akatswiri. Ine chisangalalo chinandithera msanga. Ndinali nditaona zithunzi zokwanira kuti ndidziwe kuti matenda savulaza anthu mofanana. Wina amamusiyira chipsera chachikulu, wina chaching'ono, wina osamusiyira konse. Apa anthu onse anali ngati njerwa za chikombole chimodzi.

Ndinayamba ndakayikira makina. Koma magulu onse awiri tinkawajambula masiku amodzimodzi, mosinthanasinthana. Kenako ndinakayikira kugwedezeka kwa mutu, chifukwa munthu akamasuntha pang'ono chabe, kompyuta imatha kuonetsa kulumikizana komwe kulibe. Ndinapeza kuti anthu akwathu ndi amene anagona bata kuposa onse. Pamenepo maganizo anga anatembenukira kwa amalume. Ndinaganiza kuti mwina anatopa kufunafuna amene anadwaladi, n'kungondibweretsera anthu a mtundu umodzi, ana a agogo amodzi. Ndinakhala masiku awiri ndikuyerekeza mayina ndi zimene tinakopera m'timabuku tawo ta kuchipatala. Zonse zinali m'malo mwake. Sindinachite manyazi powakayikira. Ndinangoona kuti ndawakayikira pa mlandu wolakwika.

Panatsala chinthu chimodzi chimene palibe ankachilabadira. Pojambula timamanga kalamba pamimba pa munthu, kolemba kapumidwe kake. Nditatsegula zolembedwazo ndinaona kuti anthu a mu Blantyre ankapuma mwachisawawa, monga apumira munthu wongogona. Akwathu ayi. Ankakoka mpweya mofulumira, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, kanayi motsatizana, kenako n'kuima pang'ono, n'kuyambanso. Aliyense chimodzimodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Munthu amene sakuchita kanthu sapuma chonchi.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Mwanza, pa boma n'kutenga kabaza. Sindinayambire kwa amalume. Ndinapita kaye kwa mayi wina amene tinamujambula m'gulu loyamba. Ndinamupeza akusankha manachesi pa mkeka, ndipo anandipatsa awiri.

"Mayi, muja munagona m'makina, m'mutu mwanu munkadutsa chiyani?"

"Palibe, achimwene. Si munati tisaganize?"

Bambo wina wa mudzi woyandikana, amene ndinamupeza pa ganyu m'munda wa mwini wake, anaimika khasu n'kundiyankha kuti, "Palibe. Si munati tisaganize?" Wachitatu anayankhanso chomwecho, koma iyeyu asanayankhe anayang'ana kaye njira yopita kwa amalume.

Amalume ndinawapeza akumanga matumba a makala pa njinga.

"Adokotala a mitu afika," anatero osatembenuka. "Mitu ija yakutherani, mwabwera kudzatenga ina?"

Nditawalonjera, ndinayala pepala la kapumidwe kaja pa chishalo cha njinga. "Amalume, anthu aja munkawauza chiyani mu minibasi?"

Analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, ngakhale ndikudziwa kuti mizere yake sinkawauza kanthu. Kenako anamanga mfundo ya chingwe, naikoka kawiri.

"Ndinawauza kuti aziimba."

"Aziimba?"

"Chamumtima, osatsegula pakamwa. Nyimbo ija ya pamaliro, imene aliyense amaidziwa kaya ndi wa mpingo uti. Ikatha, ayambirenso."

Mizere inayi, n'kupuma, n'kuyamba ndime ina. Nyimboyo inenso ndimaidziwa. Ndili chiimire pomwepo ndinaiimba mumtima ndikuyang'ana pepala, ndipo inalowa bwinobwino m'mizere yonse.

"Chifukwa chiyani, amalume?"

"Iwe mphwanga, sukulu yonseyi, sunaphunzire kuti munthu sauzidwa kuti asaganize? Wootcha makala ukamuuza kuti asaganize kanthu, pompo amaona pomwe pali uvuni wake, ndi mtengo umene anadula. Wina amaona kanjira kamene amadutsira ndi katundu wa ku Zobue. Ndiye iwe ukumulowetsa m'chibowo chojambula mutu, atasaina pepala lokhala ndi chidindo. Ine anthu aja ndinawatenga m'manja mwa abale awo. Ndinayenera kuwabweza opanda mlandu."

"Koma ndinafotokoza, inu muli pomwepo, kuti makina aja saona maganizo."

"Unafotokoza, ndipo unafotokoza bwino." Apa anatembenuka n'kundiyang'ana. "Nanga wadziwa bwanji kuti onse anali ndi chinthu chimodzi m'mitu? Palibe anatsegula pakamwa. Wachoka ku Blantyre, wabwera molunjika pakhomo panga ndi pepala m'manja. Anakuuza ndani?"

Ndinayesa kuyankha mwadongosolo. Ndinati makina anaona kuti zigawo zina zikugwira ntchito limodzi, kalamba kanaona kapumidwe, koma mawu a nyimbo, uvuni kapena kanjira sizingaoneke. Zimenezi n'zoona, ndipo lero ndingazinenenso. Koma ndikulankhula ndinkamva ndekha kuti mpanda umene ndikuwasonyeza, wa pakati pa zimene makina amaona ndi zimene saona, ndi waufupi kuposa mmene ndinkauonera.

"Chaka chino aona kuti anthu akuimba," anatero amalume. "Chaka chamawa adzadziwa nyimbo yake. Gwira njinga kumbuyoko, thumba ili lapendekeka."

Ndinagwira njingayo.

Pobwerera mu minibasi ndinaiyeza nkhaniyo mbali zonse, ndipo sindibisa kuti mbali ina inali yokopa. Ku Blantyre palibe ankadziwa. Zolembedwa za kalamba kaja palibe amazifunsa. Lipoti linali kale m'manja mwa oliunika, ndipo digiri yanga inkadalira lomwelo. Komabe likanasindikizidwa, madokotala akanayamba kuuza makolo a ana odwala malungo kuti matendawa amasokoneza ubongo m'njira yakutiyakuti mpaka kukula, pamene chimene ndinajambula chinali nyimbo ya pamaliro.

Lolemba m'mawa ndinapita kwa aphunzitsi aja ndi mapepala onse. Anamvetsera osandidula mawu, kenako anafunsa chifukwa chimene anthu onsewo anaimbira. Ndinayankha kuti ankaopa makina. Limeneli silinali bodza, koma za uvuni ndi tinjira ta ku Zobue sindinazitchule, ndipo m'kalata imene tinalemba yochotsa lipoti lathu ku magazini ija mulibe. Digiri inachedwa kupitirira chaka. Kafukufukuyo ndinamuyambiranso ndi anthu a boma lina, odwalapo ndi osadwalapo onse ochokera m'midzi imodzi, ndipo kusiyana kumene ndinapeza kunali kochepa, kosakongola, kovuta kukufotokoza. Kumeneko ndiye ndinakukhulupirira.

Amalume sindinawapemphenso kuti andisonkhanitsire anthu, ndipo iwo sanafunse chifukwa chake. Tikakumana pa maliro kumudzi, nyimbo ija ikayamba, amandiyang'ana kuchokera kumene akhala amuna achikulire.

Kuyambira nthawi imeneyo, aliyense wotuluka m'makina ndimamufunsa chimene chinali m'mutu mwake. Funsoli ndinaliika pa fomu, lili ndi mzere wake. Ambiri amavala nsapato kaye, n'kuyankha mwaulemu kuti palibe. Ndimalemba yankholo monga alinenera, ndimawathokoza, ndipo akangotuluka ndimatsegula zolembedwa za kalamba.